Ndinathawira Napolo ku Chipululu

Ndinaganiza zochoka ku Manje tsiku limene ndinathawa mtambo. Sunali mtambo woopsa ayi, kamtambo chabe kamene kanaima pa phiri la Soche masana, koma ndinangopezeka ndili pa msika wa Zingwangwa, chogula ndilibe, thukuta lili kamukamu. Chiyambire namondwe wa Freddy, pamene phiri linatsika ndi matope ndi miyala n'kukokolola nyumba za anzathu a kumtunda, miyendo yanga inasiya kundifunsa maganizo. Nyumba yathu inatsala. Ine ndi amayi tinatsala. Koma kukhala pansi pa phirilo kunandikanika.

Ndine munthu wophunzira, ndineneretu. Koleji ndinailawa, kenaka ine ndi iyo tinasiyana mwamtendere, aliyense ndi ulemu wake. Choncho malume anga a Likaka, oyendetsa mathiraki, atandiuza kuti ku Namibia kuli loji ya alendo m'chipululu imene ikufuna munthu wodziwa Chingerezi, ndinafunsa funso limodzi lokha la munthu wophunzira.

"Mvula imagwa kumeneko?"

"Ikakumbukira," anatero malume.

"Ndilembetseni."

Amayi sanalire. Anangoti, "Ukakhuta dzuwa ubwere. Ine ndili pompano."

Chimene malume sanandiuze n'chakuti kumeneko kulinso phiri. Ndinatsika galimoto n'kulipeza likundidikira: lofiira, lamaliseche, lopanda mtengo, lopanda ndi nyumba imodzi yomwe. Ndinafunsa Selma, mayi wa komweko amene ankatsogolera alendo, kuti pamwambapo pamakhala ndani. Anati palibe. Phiri lonselo, malo abwino chonchi, opanda ndi mmodzi yemwe woumbapo njerwa! Kwathu akanaligawa kalekale mapuloti.

Ntchito yanga inali kukhoma matenti, kunyamula madzi, ndi kuyenda kumbuyo kwa alendo kuti wina asatsalire akujambula buluzi. Tinkakwera nawo kukaona nyama zimene anthu akale anajambula pa matanthwe. Tinkatsata mapazi a njovu mu mchenga. Tsiku lina ndinaona njovu ikukumba ndi mwendo pa mchenga wouma gwa, madzi n'kutuluka. Ndinavula chipewa. Ndipo chete wa kumeneko, abale, ndi chete woti umamva magazi ako akuyenda m'makutu. Ine wokulira pakati pa wailesi za anthu ena, ndinkatsokomola dala kuti nditsimikize kuti ndilipo.

Ndalama sizinali zambiri, koma kunalibe pozionongera, ngakhale chiwaya cha tchipisi. Zambiri zinkapita kwa amayi. Netiweki inkapezeka pa thanthwe limodzi, ndipo Lamulungu masana ndinkakhala pamenepo ngati mbira, kumvera mavoisi awo: wakwatiwa uje, makala akwera, kwaya yagula yunifomu. Za mvula sankatchula. Inenso sindinkafunsa. Ndinkawamvera kawirikawiri chifukwa cha tambala wa aneba amene ankalira kumbuyo kwa mawu awo.

Tsopano tsiku lija. Tinayala chakudya cha masana pansi pa mitengo, m'mbali mwa chimene iwo amati mtsinje, ngakhale ine ndinali ndisanaonemo dontho. Kumwamba kunali mbee. Kutali kokha, kuseri kwa phiri, n'kumene kunada pang'ono. Ndikuthira tiyi, ndinamva phokoso lija. Limayambira m'mapazi lisanafike m'makutu, ngati mathiraki ambiri akubwera pansi pa nthaka.

"Napolo!" ndinakuwa. "Napolo uyo!"

Kwathu madzi akaphulika m'phiri timati wadutsa Napolo, chinjoka chimene chikamasamuka chimagumula chilichonse cha pa njira yake. Alendo athu achizunguwo Chichewa sankadziwa, koma munthu wothamanga ndi ketulo m'manja amamveka m'zilankhulo zonse. Tonse tinakapezeka pamtunda.

Ndiye anabwera. Madzi ofiira, mutu wake utasenza zinyalala ndi mitengo, akudya mchenga pang'onopang'ono ngati alibe changu, kumbuyo kwake mtsinje wathunthu ukubangula. Ndinayembekezera kulira kwa anthu, chifukwa ine phokoso limenelo ndimalidziwa ndi kulira kwake. Koma ndinamva nthungululu. Selma ndi anzake a ku khitchini anali kuthamanga m'mbali mwa madziwo, akuseka, akuwaimbira. Wina anatunga m'manja n'kusamba kumaso.

Ndinaima, ketulo ili m'manja. Kanali koyamba kuona madzi akutsika m'phiri kutsogolo kwake kulibe nyumba ya munthu. Anali okongola, ndipo zinandipweteka kuti anali okongola.

"Napolo ndi ndani?" anafunsa mlendo wina, gogo wa chipewa chachikulu.

"Neba wathu," ndinatero.

Selma sanaseke. Anandiyang'ana nati, "Kwanu anatenga anthu?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anandilanda ketulo ija, n'kuima nane mpaka madzi anachepa. Patapita masabata ochepa chipululu chonse chinamera udzu ndi timaluwa tachikasu, mpaka m'ming'alu ya miyala. Ndinauza bwana kuti ndikufuna tchuthi, ndipo ndikuchifuna m'dzinja.

Ndinafika ku Manje phiri la Soche litabiriwira, chipsera chake chili pomwepo, miyala ikuluikulu ili m'njira imene inatsikira. Amayi anandizungulira n'kugamula kuti ndada ngati mphika. Tsiku lotsatira masana kunachita mdima, madontho n'kuyamba kugogoda malata. Miyendo yanga inayamba zake zija. Ndinaigwira ndi manja.

Ndipamene ndinaona amayi akusiya mbale, akuvala nsapato zawo za kutchalitchi, n'kukhala pa mpando pakhomo, chitseko chili chotsekula, nkhope kuphiri. Ndinasuzumira panja. Khomo la aneba linali lotsekula. Lotsatira lakenso. Mzere wonse, anthu ali pa makomo, nsapato kuphazi, ana pamiyendo, wailesi zonse zozima. Manje yense anali kumvetsera phiri. Ine ndinkayesa kuti mantha aja anali anga ndekha, n'kuwanyamula ulendo wonse uja kukawabisa m'chipululu.

"Amayi, mumatere nthawi zonse?"

"Mvula iliyonse," anatero, osacheuka. Anasendeza mpando wawo pang'ono kuti pakhale malo. "Usaime ngati mlendo. Kavale zako, ubwere udzakhale apa. Makutu awiri okha amatopa."