Kadimba ka amake Luntha

Amake Luntha, a Tionenji, ankagwira ntchito ya unamwino ku Croydon, kudziko la azungu, ndipo nyumba yawo inali pamphambano penipeni. Kutsogolo kwake kunali kadimba kosakwana ndi mphasa ziwiri. Pansi pa duwa lofiira la pakona anakwirirapo mchombo wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Luntha, utangogwa. Kwathu malo otere suuza munthu, kuopa a mitima yoipa. Ndiye mayiwa sanauze aliyense, ngakhale mwini mchomboyo. Ine ndinadzamva zinthu zitaipa kale.

Ndinkakhala nyumba yoyandikana nayo, ndipo msewuwo ndinauona ukusintha. Anayamba ndi wa nyumba ya kutsidya, anagumula zenera la pabalaza n'kuyamba kugulitsa makhadi oimbira foni kumudzi. Kenako ometa tsitsi, kenako a nkhuku ndi tchipisi, fungo la mafuta mpaka m'zovala zathu. Aliyense wotsegula shopu ankayamba ndi kuthira simenti pakadimba, kuti ogula aziponda pouma. Pofika 2006, dothi linatsala kwa a Tionenji okha.

Mayiwa anasanduka mlonda, abale inu. Tyrone wometa tsitsi akawapatsa moni, ankati akuyeza khomo ndi maso. Wa shopu ya zipatso atawaninkha mapeyala aulere, anawabweza, amvekere chikomekome cha mkuyu. Ine ndemwe, nditangoyamikira duwa lawolo, anandifunsa kuti wandituma ndani, n'kundinyanyalira mpaka Khirisimasi. Zinandiwawa, ndisaname. Munthu woti timapemphera limodzi!

Luntha yekha ndiye sankamukayikira. Mnyamatayo anali atamaliza kuyunivesite, ntchito osaipeza, Chichewa akumva koma kuyankha m'Chingerezi. Anawapempha kuti atsegule malo a makompyuta pabalaza, anthu azidzatumiza mauthenga kwawo. Iwo anavomera pabalazapo, koma za kadimba anangoti asakhudze, osanena chifukwa. Iye anayesa kuti akudandaula za maluwa. Atamuona ndi chingwe choyezera panja, anandiuza monyadira kuti mwana wawo akufuna kuwamangira mpanda.

Loweruka lina mayiwa ali kuntchito, kunabwera anthu ndi mafosholo. Dothi analikokolola n'kulikweza m'galimoto, simenti thi. Duwa lija Luntha analizula bwinobwino n'kulibzala mumphika wokongola, kuti mayi ake asakhumudwe.

Madzulo a Tionenji atatsika basi anaima pamsewu, chikwama chili m'manja. Ndinkayembekeza mkuwo, koma ayi. Anafunsa kumene dothi lapita, ndipo Luntha anati kotayira zinyalala, sakudziwa kuti ndi kuti. Apo m'pamene mayiwa ananena, pamaso pa ine ndi Tyrone, chimene anabisa zaka zonsezo.

Mnyamatayo anasowa pogwira. Anati aswa simentiyo mawa lomwe, akafunafuna galimotoyo. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akuyesa Chichewa, chokhotakhota.

"Amayi, bwanji simunauze ine?"

"Ndimaopa anthu, mwanangu," anatero. "Usaswe. Mulibemo kanthu."

Shopu inatsegulidwa, ndipo imayenda ndithu. A Tionenji amaphikira mwana wawo, amamufunsa za makasitomala, sanamukalipirepo. Koma pasimentipo sanapondepo phazi. Akatsika basi amazungulira kanjira ka kuseri kodutsa m'mabini a zinyalala, ndi mawondo awo owawawo, n'kukalowera khomo la kukhitchini.