Mafunso anu asamutsa amake Dalitso

Lachiwiri lapitali pamdadada wathu wa zipinda za lendi, kukomboni ya Mtendere, panafika mtsikana wovala bwino, tabuleti ili m'manja. Anati wachokera ku yunivesite, akufufuza mmene anthu a pabanja amamvera mumtima. Anagogoda kwa amake Dalitso, amene chipinda chawo chinagundana ndi changa. Ine ndinali kuntchito, zonsezi anandiuza ndi eni ake.

Inu mdadada mukuudziwa. Munthu akatsokomola kuchipinda chakumapeto, wa m'chipinda choyamba amati pepani. Koma mtsikana uja anakhala pafupi ndi windo lotsegula n'kumafunsa mokweza ngati akuitanira basi. Kodi amuna anu amakumverani mukadandaula? Kodi mumawaopa? Munaganizapo zochoka?

Amake Dalitso ndi mayi wofatsa, amagulitsa tomato pamsika. Chikwatiwire, palibe anawafunsapo za mumtima mwawo. Anayankha zoona zokhazokha, misozi ili chuchuchu. Kuseri kwa windo, mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, anali kuchapa.

M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo, chikwama pamutu, Dalitso kumsana.

"Muyenda kuti, amake Dalitso?"

"Ku Chawama, kwa ba anti. Bamulamu banabauza vonse batate bake Dalitso. Bamuna banga bakamba ati ngati nifuna kuchoka, nichoke lelo." Anapukuta maso ndi chitenje. "Ine nenze kuyankha chabe vamene ananifunsa."

Lachisanu ndinakumana naye mtsikana uja akugogoda pamdadada wina, ndinamuzindikira ndi tabuleti ija. Nditamuuza zimene zinachitika, anagwira pakamwa.

"Koma ba ankolo, dzina lao sitinalembe. Vonse ni vachisinsi."

Chinsinsi chanji? Mwabisa dzina mu tabuleti, koma mawu mwawamwaza pabwalo. Mlamu amafuna dzina kuti azindikire mawu a mkazi wa mchimwene wake?

Mtsikanayo sindikumukwiyira kwambiri. Anandiuza yekha kuti amawapatsa nyumba zambiri zoti amalize dzuwa lisanalowe. Mkwiyo wanga uli pa akuluakulu amene anamutuma, anthu amene anaphunzira za maganizo a munthu mpaka imvi. Amadziwa mmene mantha amalowera m'banja. Zoti nyumba zathu zilibe pobisalira, sakuzidziwa?

Musandimve molakwa. Kafukufuku wotere ndi wofunika. M'makomboni muno anthu akufota ndi nkhawa, ena mpaka kudzipha, popanda wowafunsa kuti vuto n'chiyani. Koma funso lokhudza mtima lili ngati lumo. Ukang'amba chithupsa, uyenera kukhala ndi chomangira.

Nanga bwanji ofufuzawa amakonda kwathu kuno? Kumayadi amayamba aimba foni n'kupangana tsiku, chifukwa pageti pali alonda ndi agalu. Ku Kanyama, ku George, ku Mtendere amangolowa, chifukwa tinaleredwa kuti mlendo timamupatsa mpando. Akamaliza amapita, ndipo zimene apeza sitizimvanso. Akulu anati mlendo ndi mame. Mame akamuka, koma amake Dalitso akugona pansi m'nyumba ya eni, tebulo lawo pamsika lili lopanda kanthu.

Mwina banja limene lija linali ndi ming'alu kale. Mwina tsiku lina amake Dalitso akanachoka okha, atakonzeka, atapeza kopita. Tsikulo anayenera kusankha ndi iwo.

Inu amene mudzalandira madigiri ndi misozi ya mayiyu, ndani wa inu akwere basi ya ku Chawama kukamufunsa ngati wadya?