Tiyi wa Alendo a ku Makwasa

Ine ndathyola tiyi kuyambira ndili mtsikana, dengu kumsana, kaya mvula kaya dzuwa. Tsamba labwino ndimalidziwa ndi zala ngakhale nditatsinzina. Ndiye mwana wanga wamkazi atandiuza kuti akwawo kwa mnyamata wake akubwera kudzaonekera, ndinati mumtima: pa zina andiseke, koma pa tiyi ayi.

Kunyumba timamwa masamba afumbi ogula pa okala. Amenewo sindikanapatsa alendo otere. Ndinakwera minibasi mpaka ku Blantyre, ku sitolo yaikulu imene anzanga ankaitama.

Chitseko chinatseguka chokha ndisanachigwire, ine n'kunena zikomo. M'katimo kuzizira ngati tsiku la chiperoni, magetsi ngwee, nyimbo zikuchokera kudenga. Mlonda anandilozera kangolo kokankha. Kangoloko kanali ndi maganizo akeake: ndikati kumanja, iko kumanzere, mpaka kanakagunda mulu wa sopo. M'munda wa tiyi sindinasocherepo, koma umu ndinadutsa pa nsomba za m'zitini katatu, mpaka mayi wosanja katundu anayamba kundipatsa moni ngati mnansi wake.

Nditafika pa tiyi, mutu unaima. Mabokosi kuyambira m'mawondo mpaka kupitirira mutu, tiyi wina wa mandimu, wina wa m'timatumba ta ulusi. Pa bokosi lina anajambulapo mayi akuthyola uku akumwetulira, mpango woyera mbee. Ndinaseka ndekha, chifukwa mwa ife palibe amene amamwetulira choncho kapitawo ali kumbuyo. Ndinafuna kununkhiza, koma onse anali omata. Kunena zoona ndinachita manyazi. Tiyi wochoka m'manja mwanga momwe, ine osamuzindikira! Ndinangotola bokosi lonyezimira kuposa onse, kulipira, n'kuthawa.

Alendo anabwera Lamulungu, amalume ake a mnyamatayo ndi mayi ake. Mwana wanga anali atandiuza kuti Loweruka sangabwere, ndiponso kuti kwawo ndi ku Makwasa, pafupi ndi mishoni. Zonsezo ndinazimva, koma mutu unali pa makapu. Ndinafulula tiyi wofiirira bwino, ndinagwada, n'kuyamba kuthira.

Amalumewo anaika dzanja pamwamba pa kapu mwaulemu. Anati iwo ndi a mpingo wa Sabata, tiyi samwa, madzi otentha okha akwana.

Mayo ine! Ku Thyolo kuno ndani sadziwa zimenezo? Ndinatsala chogwada, ketulo ili m'manja, mtima ukuwawa. Ndinaona kuti mwana wanga ndamunyazitsa, anthuwa akanena kwawo kuti mtsikanayo amachokera pakhomo popanda nzeru.

Mayi aja sanayang'ane kapu. Anayang'ana zala zanga, zakuda ndi zong'aluka, kenaka anatambasula zawo pamphasa. Zinali chimodzimodzi.

"Ifenso timathyola, asebere. Kumwa kokhako ndiye ayi."

Asebere! Nkhani ya ukwati inali isanayambe n'komwe, iwo anali atanditchula kale choncho. Tinaseka mpaka amalume anaiwala poyambira.

Ukwati unachitika. Bokosi lija ndinamwa ndekha mwezi wathunthu, ndipo silinkaposa masamba a pa okala.