Sewero langa linadanitsa NyaTembo ndi msika wa Jenda

Inu owerenga, ntchito yomwe ndimainyadira kwambiri ndi yomwenso inatsala pang'ono kugwetsa bizinesi ya mayi wosalakwa.

Ndine mwana wa kuno ku Mzimba ndipo ndimatsogolera mafilimu. Ndinayamba ndi kujambula maukwati paboma, kenako nyimbo za makwaya, mpaka wailesi ina ya kanema inavomera kuonetsa sewero langa la mwana wamasiye. Osewera onse ndinawatenga konkuno. Pamalo a mayi wopeza wankhanza ndinasankha NyaTembo, wogulitsa tomato pa Jenda, munthu wansangala yemwe anali asanaimepo kutsogolo kwa kamera. Ndinawaphunzitsa ndekha kuopseza ndi maso okha komanso kulankhula motsitsa mawu m'malo mokalipa. Anagwira msanga.

Seweroli litayamba kuonetsedwa, kunalibe nkhani ina m'maminibasi. Koma tsiku lina NyaTembo anandiimbira foni akulira. Anthu anali atasiya kuwagula tomato. Otsika mabasi ankawaloza kuti mayi wozunza mwana uja ndi uyu. Mayi wina anawagubuduzira beseni la tomato, ndipo kutchalitchi anzawo ankasuntha iwo akakhala pabenchi.

Sindinabisale. Tsiku la msika ndinabwereka galimoto, n'kukweza kanema wamkulu ndi jenereta. Ndinatenganso mtsikana yemwe ankasewera wamasiyeyo limodzi ndi makolo ake. Pakati pa msika ndinaonetsa zithunzi zomwe tinkadula pokonza sewerolo: NyaTembo akufa ndi phwete atalakwitsa mawu, akuluka tsitsi la mtsikanayo, akumupepesa akamaliza kumuopseza. Mtsikanayo anathamanga n'kukakumbatira NyaTembo anthu onse akuona. Mayi wa beseni uja anabwera yekha, n'kugwada.

Tikulongedza, ndinauza NyaTembo kuti m'gawo lotsatira ndiwapatsa malo a munthu wabwino. Anapukusa mutu.

"Yayi adada. Ngati anandida chomene, mbwenu ndinasewera bwino. Ndipatseni nkhanza zomwezo."

Ndinawapatsadi, ndipo lero atsogoleri a mafilimu a ku Lilongwe amachita kuwalimbirana. Ndikawaona pa kanema mtima wanga umadzadza.

Chimandipweteka n'chakuti sindinawakonzekeretse. Anzanga ojambula, ife tikazimitsa kamera timapita kwathu, koma wosewera amadzuka ndi nkhope yomweyo pakati pa anthu omwewo. Musanaonetse sewero, khalani naye pansi, muuzenso abale ake ndi akumpingo kwake. Nanu oonera, mukakwiya ndi sewero, funani ine amene ndinalikonza. Osewera anga asiyeni.