Inki Yofiira pa Thunthu la Nthochi

Lachitatu, sabata yachiwiri ya Juni. Ndakhala pakhonde la amalume kuno ku Chonde. Ndimatongola chimanga koma ndasiya. Chiperoni chayamba m'mawa ndipo sichinaleke, koma chondisiyitsa si kuzizira ayi. Ndakwiya. Kukwiya mokweza sindikudziwa, ndiye ndikwiyira muno m'kope.

Sabata yatha aphunzitsi a Chichewa anatiuza a Folomu 3 kuti aliyense alembe ndakatulo yake, tiphunzirepo zipangizo zimene alakatuli amagwiritsa ntchito. Ndi aphunzitsi abwino, ndisaname. Anabwera chaka chino kuchokera ku Lilongwe, samenya, ndipo munthu ukalakwa yankho sakuseka. Anati tilembe za chinthu chimene tikuchidziwa bwino. Ine chinthu chimene ndikuchidziwa bwino n'chimodzi chokha.

Ndinalemba za mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga, amene ankathyola tiyi ku esiteti ndi kundiluka tsitsi Loweruka lililonse. Nyumba zathu zinali zoyandikana kumudzi, kupitirira Milonde, m'munsi mwa phiri. Chaka chija mvula inagwa masiku angapo osakata, madzi anatsika m'phiri ndi matope ndi miyala. Kunali m'mawa. Tonse tinali titathawira ku tchalitchi chapamtunda, koma iwo anabwerera kukamasula mbuzi. Pamene panali nyumba yawo lero pali mwala. Anthu anakumba mozungulira sabata ziwiri osawapeza. Pomaliza akuluakulu anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'chitenje chawo chimene chinatsala kwa mayi anga, n'kuliika m'manda, monga timachitira kwathu mtembo ukasowa. Ndinalemba zimenezo basi, m'mizere khumi ndi iwiri. Mawu alionse amene ndinaona kuti akudzikometsa ndinawafufuta, chifukwa ndinkaopa kuwanamizira.

Lero titalowa m'kalasi ndinapeza ndakatulo yanga ili pabolodi, yonse, m'zilembo za aphunzitsi.

"Amene analemba iyi aimirire," anatero aphunzitsi.

Ndinaimirira nditagwira desiki.

"Muombereni m'manja. Anthu ofatsawa muziwaopa. Khala pansi. Tiyeni tsopano tiisende."

Anawerenga mzere woyamba: Mwala woposa kalasi yathu unagona pa nyumba yawo.

"Chipangizo chanji ichi?"

"Kukokomeza, sala!" kalasi yonse inayankha pamodzi.

"Eya. Ulipo mwala woposa kalasi ino? Palibe. Koma mlakatuli akufuna timve kulemera kwa chisoni chake."

Mwalawo ndinauyenda mbali zonse ndikuwerenga mapazi. Kalasi yathunso ndinaiyesa ndi mapazi omwewa, nthawi ya buleki anthu atatuluka, ndisanalembe mzerewo. Sindinafune kulemba chinthu chimene sindinatsimikize. Mwala ndi umene uli waukulu.

Atafika pa mzere wachisanu ndi chinayi nkhope yawo inawala. Tinaika thunthu la nthochi m'manda.

"Apa ndiye pali luso. Munthu saika nthochi m'manda. Ichi n'chiphiphiritso. Nthochi ikuimira chiyani?"

Manja anakwera ambiri. Wina anati ikuimira moyo wosalimba, poti nthochi igwa ndi mphepo yochepa. Wina anati ikuimira mayi, poti imafa itasiya ana m'mbali mwake. Aphunzitsi anakondwera nalo yankho limenelo mpaka analilemba pabolodi. Mayi aang'ono analibe mwana. Kenako wina wa kumbuyo anakuwa kuti, "Ikuimira njala, sala! Anakwirira kuti ipse msanga!" Kalasi inafa ndi kuseka. Aphunzitsi anati, "Aaa, iwe, khala chete," koma nawonso anali kumwetulira.

Mnzanga amene ndimakhala naye desiki imodzi amadziwa nkhani yathu. Anandigunda ndi chigongono.

"Iwe, auze," ananong'ona. "Ukungokhala ngati chitsa bwanji? Auze!"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinatseguladi, Mulungu akudziwa. Palibe chinatuluka. Ndinangoyang'ana pepala langa limene anali atandibwezera, pamene inki yofiira inazungulira mawu akuti nthochi, ndi pambali pake atalemba kuti "chiphiphiritso chabwino kwambiri."

Pomaliza anafunsa za kamvekedwe ka ndakatuloyo. Anadziyankha okha kuti ndi kodekha, kovomereza imfa, chifukwa mlakatuli wasankha mawu ozizira, sakulira, sakudandaula. Kodekha! Ine ndinasankha mawu ozizira chifukwa otentha akanang'amba pepala. Sindinavomereze kanthu. Mpaka lero ndikamva mbuzi ikulira pachingwe ndimafuna kuitema.

Belu litalira anandiitana kutsogolo.

"Lolemba pa asembule ukalakatule imeneyi. Ukamaliza ufotokozere sukulu yonse zipangizo zitatu zimene wagwiritsa ntchito, makamaka mmene unaganizira za nthochi. A Folomu 4 aphunzirepo. Ngati ungathe uwonjezereko kukokomeza kwina kumapetoku, kwaumako pang'ono. Wamva?"

"Inde, sala."

Ndi "inde" ameneyo amene akundiwawa koposa. Ndadzida njira yonse yobwerera kunyumba. Ndiye kuti Lolemba ndikaime pamaso pa anthu onse aja, ndinene ndi pakamwa panga kuti mwala ndinaukuza ndine, nthochi ndinaipeka ndine. Ndikawakwirire kachiwiri mayi aang'ono, ulendo uno ngati chitsanzo cha mayeso.

Amalume anandipeza pano ndikutongola mokalipa, maso a chimanga akuthawira pabwalo. Iwo ndi achimwene awo a mayi anga, ndipo ndimakhala kwawo chifukwa cha sukulu.

"Chimangacho chakulakwira chiyani, mphwanga?"

Ndinawauza kuti ndakatulo yanga aitama m'kalasi.

"Ndiye ukulira mamakisi achuluka? Ana a masiku ano! Ife ankatitama ndi ndodo."

Ndinawapatsa pepala. Amawerenga pang'onopang'ono, akutsata ndi chala, milomo ikuyenda. Atafika pa inki yofiira anafunsa kuti mawu amenewo akutanthauza chiyani. Ndinati akutanthauza kuti nthochiyo si yeniyeni, ikungoimira chinthu china.

Anatola chitsononkho n'kumachitembenuza m'manja.

"Ndinadula ndine," anatero. "Ndinasankha lalitali ngati iyeyo. Tinanyamula anthu anayi, ndipo madzi ake anadontha n'kundithimbiriritsa shati. Sanachoke mpaka lero." Anandibwezera pepala. "Aphunzitsiwo si olakwa kwenikweni. Kwawoko miyala amaiona yomangira nyumba. Koma usakachite mwano, wamva? Ndi akulu."

Anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba, ngakhale kulibe chimene akanakachita kumeneko mvula ikuwaza chonchi.

Mwano sindikufuna. Phunziro limeneli ndimalikonda kuposa ena onse, n'chifukwa chake zikundipweteka. Ndimakonda pamene aphunzitsi atenga mzere n'kutionetsa chimene chabisala m'kati, ngati mmene mayi amatsegulira nyemba. Ndiponso penapake sananame. Anati pali chibwereza pamene ndinalemba kuti tinakumba, tinakumba, tinakumba, ndipo n'zoona, ndinachita dala, ndinkafuna wowerenga atope ngati mmene anatopera amalume. Chimenecho ndikuvomera. Koma anafunsa mafunso asanu ndi limodzi pa ndakatulo yanga, onse anafunsa kalasi, ine mwini wake ndili pomwepo pa desiki yachitatu. Likanakwana funso limodzi lokha, lalifupi: kodi zimenezi zinachitika? Akanandifunsa limenelo mwina ndikanakwanitsa kugwedeza mutu.

Ndikudzidziwa. Ndikakangoima pakhomo la ofesi ya aphunzitsi mawu adzathawanso, ndidzanena "palibe, sala" n'kubwerera. Ndiye ndang'amba tsamba lapakati la kope lino ndipo ndalembapo zimene ndikufuna kunena. Ndalemba katatu. Koyamba kunali kokalipa kwambiri, kachiwiri ndinapepesa kanayi m'mizere isanu ngati wolakwa ndine. Kachitatu ndalemba chonchi: "Sala, mwala uja ulipo, ndinauyesa. Nthochi ija tinaikadi m'manda m'malo mwa mayi anga aang'ono, amene sitinawapeze. Ndakatuloyi ndingalakatule Lolemba, koma sindinena kuti ndinakokomeza, ndipo sindiwonjezera kanthu."

Mawa ndilawira, ndikafike belu loyamba lisanalire, anthu asanachuluke. Ndikagogoda, ndikawapempha kuti ndiwawerengere pepalali ndekha, mokweza. Mawu akakakana kutuluka ndikaliika m'manja mwawo, ndipo sindikachoka pakhomopo mpaka atamaliza kuwerenga.