Mtumbira wa thunthu la nthochi

Ababa, lero m'shapa, minibasi yochokera ku Tete, ndamva pa radiyo kuti ayambiranso kufunafuna ndege ija inasowa m'nyanja ndi anthu ake onse, ndipo ndakumbukira inu. Chaka chimene inasowa tinali kumunda ku Lifidzi tikuzula nyemba, radiyo yanu itapachikidwa mumtengo wa pichesi. Ine ndi alamu anu tinkakangana, iwo akuti woyendetsa anachita dala, ine ndikuti munabuka moto. Inu munangoti, "Zimenezo asiyireni odziwa makina. Ine ndikuganiza za amayi amene alibe manda oti akalambule." Tsiku lomwelo munanditengera kumanda, pamtumbira wa achimwene anu amene anasowa pankhondo inu mukuthawira ku Malawi. Munandiuza kuti mutabwerako munakwirira thunthu la nthochi lokulunga m'nsalu, kuti agogo apeze polirira. Zaka zonsezo ndinkalambula pamenepo osadziwa kuti mulibe munthu.

Chaka chatha matenda atakula kuchipatala ku Tete, munaumirira kuti tikubwezeni kumudzi mukadali moyo. Munati, "Ndikagone poti ana anga azifika wapansi." Ndinakwiya nanu, sindibisa, ndinkaona ngati mwagonja msanga. Lero ndamvetsa. Zikomo, Ababa, poti tinakugwirani dzanja mpaka pomaliza, tinakuonani nkhope, ndipo tikudziwa pamene mwagona. Abale a anthu a m'ndege ija akudikirabe zimenezi. Loweruka ndibwera ndi khasu. Ndidzalambula panu, kenako pa nthochi paja, ngati kale.