Mchere wa Nsomba Zanu

Bambo a Tiyamike, chaka chatha chimwalirireni inu, koma akazi anzanga aja munandisiyira m'galasi akadali moyo. Ine ndi digiri yanga yonseyi ndasanduka nesi wa nsomba zokongoletsa m'nyumba zotchedwa discus, zoti n'kukazinga komwe sitingakazinge. Lero ina yatupa mimba, ndiye ndakumbuka tsiku lija mchere unatithera kukhitchini, ine n'kupita pa mabotolo anu a mchere wa nsomba kuti nditapeko. Munathamanga ngati nyumba ikupsa. "Mayi, ayi! Uwo ndi wa Epsom, wothandiza nsomba ikadzimbidwa. Winawu ulibe ayodini, ndi wa zilonda. Wanu uli kumsika ku Bangula." Mlamba tinaudya wopanda mchere, inu mukunyambita zala mopanda manyazi. Ine malungo akandigwira munkangofunsa kuti, "Mwamwa mankhwala?" Koma nsomba ikangokana chakudya, kuntchito munkajomba.

Ndayiika m'ndowa yakeyake, ndasungunula wa Epsom monga munkachitira, ndipo ndakhala pampando wanu uja kuiyang'anira, thukuta kamukamu. Musaganize kuti ndayamba kuikonda. Kungoti ikafa lero, ikakuonani ine ndisanakuoneni, ndipo zimenezo sindingalole.